Anangondisuzumira

Lameki mwana wanga,

Wapita kukatsanzika anzako kumalayini a kumtunda, ndiye ndapeza mpata pa tebulo. Malaya ako ali pachingwe, akukana kuuma ndi chiperoni chimenechi. Ndikulemba chifukwa ndikamalankhula umandiyankha kuti "eya, amayi" ndisanafike n'pakati pomwe, ndipo eya wakoyo ndimamudziwa, ndi wa abambo ako. Pepala sungalidule mawu. Ukaliwerengere m'basi mukadutsa Zalewa, pamene sungathenso kubwerera kudzanditsutsa.

Za atsikana, za kupemphera ndi za kulemekeza aphunzitsi sindinenapo. Amalume ako anakuuza kale Lamlungu, ndipo anabwerezanso atakhuta. Ine nkhani yanga ndi imodzi. Tsiku lomwelo, atakufunsa za kuchipatala, iwe unaseka n'kunena kuti, "Sanandichite kanthu amalume, anangondisuzumira." Ndinali ndi mbale m'manja. Sindinazigwetse, mbale zanga ndi zochepa kale. Koma mawu amenewo ndinawamvapo, pakhonde lomwelo, kuchokera pakamwa pa abambo ako, ndipo mwini wake ali kumanda kwawo ku Chimaliro. Nthawi imeneyo unali ku sukulu yogonera, unangofika pa maliro. Zapakati sunazione, choncho ndikuuze.

Abambo ako anagwira ntchito pa pampu ya kudamu la esiteti zaka zonse zimene ndinawadziwa. Ankatumiza madzi kunazale ndi kuminda ya tiyi nthawi ya chilimwe, ndipo paipi ikatsekeka ndi matope ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Iwe unkawatsatira Loweruka ukuti ukukawedza, n'kubwerako wopanda nsomba, tsitsi lili chonyowa. M'madzi amenewo muli tinkhono, m'tinkhonomo muli likodzo. Ife tinkadziwa likodzo lokodzetsa magazi, limene anyamata amasekana nalo. Sitinkadziwa kuti liliponso lina lachete, limene mazira ake amakadzazana m'chiwindi mpaka chiwindicho kuuma ngati chikopa. Silipweteka. Limangodikira.

Tsiku limene anayamba kusanza magazi anali akumanga nsapato kuti azipita ku ntchito. Ku chipatala cha pa boma anawaonjezera magazi n'kutitumiza ku chipatala chachikulu mumzinda. Dokotala wake anali mtsikana, wamng'ono kwa ine, wolankhula mofulumira ngati basi ikumusiya. Anajambula papepala. Anati magazi ochokera m'matumbo amadutsa m'chiwindi, ndiye chiwindi chikauma magaziwo amasowa podutsa, amabwerera n'kukadzaza m'mitsempha ing'onoing'ono ya kummero, njira imene chakudya chimatsikira. Mitsemphayo imatupa, khungu lake limapyapyala, tsiku lina imaphulika.

Abambo ako anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti paipi yaikulu yatsekeka, madzi akuthawira m'timapaipi ting'onoting'ono?"

"Ndi zomwezo, bambo."

"Nanga inu mumatani?"

"Timamanga ndi mphira."

Anaseka, milomo ili mbuu chomwecho. "Mphira? Ngati ya chubu cha njinga? Adokotala, ntchito yathu ndi imodzi."

Dokotala uja anawachenjeza kuti kumanga sikutsegula paipi yaikulu ija. Magazi amakafuna pena pofooka, choncho ayenera kubwera kudzamangidwanso pakapita masabata angapo, kenako kubweranso, mpaka mitsempha yotupayo itatha, ndipo ikatha azibwerabe kudzaonedwa. Iwo anati, "Ndikudziwa. Mphira simanga kamodzi."

Ndikufuna uimire pamenepa pang'ono, Lameki. Abambo ako sanafe ndi umbuli. Anamva zonse, anamva bwino kuposa ine. Iwenso ukupita ku koleji, ukaphunzira kuphunzitsa ana a anthu, ndipo chithunzi chija ungachijambule ndi maso otseka. Kudziwa sikukweza munthu minibasi. Ukapitenso kuchipatala.

Mmene anawachitira ukudziwa, chifukwa iwenso wadutsamo. Osadya kuyambira madzulo, mankhwala owawa opopera kukhosi, jakisoni wogonetsa pang'ono, kenako chubu chokula ngati chala chokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga, kulowa pakamwa. Timphira take ndi tating'ono ngati mikanda. Mtsempha ukamangidwa umauma n'kuthothoka wokha. Mpeni palibe, ulusi palibe. Anatuluka mawu atasasa ngati chule wa m'dambo, anamwa phala lozizira, ndipo posakhalitsa tinali kunyumba. Ine ndinathokoza Mulungu kuti sanawang'ambe. Sindinadziwe kuti vuto likhala lomwelo.

Ukudziwa mmene timazondera odwala kuno. Munthu akachoka ku opaleshoni timapita ndi nthochi, ufa, wina nkhuku, ndipo tikakhala pansi timati tione. Wodwala amakweza malaya, ife timayang'ana ulusi, timapukusa mitu, timayerekeza ndi bala la uje amene anang'ambidwa chaka chatha. Bala lalitali ndi ulemu. Mayi wina wa kumalayini kuno anadya nkhuku za anthu mpaka anawonda ndi anthu opereka, chifukwa cha chipsera choyambira pamchombo mpaka pansi. Palibe ankamulola kunyamula ngakhale tsache.

Kwathu anthu anabwera, pakhonde panadzaza. Amalume ako anachokera ku Masambanjati ndi dengu la chinangwa. Atapereka moni anati, "Alamu, tione pamene anang'amba."

Abambo ako anakweza malaya. Mimba yosalala.

"Tembenukani, kapena analowera kumsana."

Anatembenuka. Msana wosalala.

"Analowera pakamwa," ndinatero ine.

"Pakamwa? Mlongo wanga, imeneyo ndi opaleshoni kapena ndi chakudya? Alamu, nenani zoona, mwangopita kukagona pa bedi la boma inu. Chinangwa changa ndibwerera nacho."

Khonde lonse linaseka. Inenso ndinaseka, anali atanena bwino. Abambo ako anaseka kuposa aliyense, n'kutsitsa malaya, n'kunena ndi mawu osasa aja kuti, "Zoona alamu, anangondisuzumira."

Amalume ako si munthu woipa, usawasungire kanthu. Ndiwo ananyamula bokosi kutsogolo, ndipo mpaka lero chinangwa chimabwera kuno osapempha. Anangonena zimene aliyense pakhondepo ankaganiza. Koma ine ndinaona mawu aja akulowa. Munthu anali atatsala pang'ono kufa, anabwerako, ndiye anthu ake akumuyang'ana ngati wawanamiza. Kuyambira tsiku limenelo aliyense akawafunsa, ku tchalitchi, ku golosale, pa msewu, yankho linali lomwelo, anangondisuzumira. Mawu ukawanena kwa anthu ambiri, womaliza kuwakhulupirira umakhala iwe mwini. Ndiye iwe anzako ku koleji akadzati tione, usakweze malaya. Ulibe choti uwaonetse ndipo ulibe mlandu ndi iwo. Ukapitenso basi.

Ku ntchito sanawavutitse. Akapitawo anawerenga pepala la kuchipatala n'kunena kuti awapatse ntchito yopepuka kunazale, yothira dothi m'timachubu ta mbande. Abambo ako anakana. Anati kumeneko kumakhala amayi oyembekezera ndi madala odikira penshoni, ndiye mwamuna wopanda bala akakhala pakati pawo anthu azinena chiyani. Anabwerera ku pampu. Manyazi amenewa ndimawaona mwa iwe. Pamene dokotala anakuuza kuti usanyamule zolemera kwa kanthawi, tsiku lachiwiri lake ndinakupeza wasenza thumba la chimanga la mayi wa pafupi nafe, chifukwa mwana wake wamkazi ankayang'ana. Sindinakulankhule. Ndalemba pano.

Tsiku lobwerera kuchipatala linagwa m'chilimwe, dzuwa lili phwee, pampu ikulira usana wonse.

"Abambo a Lameki, mawa ndi tsiku lija."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndikonze malaya ati?"

"Tiyi akufota, mayi. Ndipo ine chakudya chikutsika bwinobwino. Ndisiye madzi kuti akandisuzumirenso?"

Ine ndinafika ku sekondale, choncho ndinkaganiza kuti munthu ukamufotokozera bwino amadzuka. Ndinafotokoza. Ndinajambulanso chithunzi chija kuseri kwa kalendala. Ndinawakumbutsa mawu awo omwe, akuti mphira simanga kamodzi. Iwo eya, eya, sabata yamawa. Sabata yamawa kunali maliro, inzake kunali alendo ochokera ku likulu la kampani odzaona damu, inzakeyo sindikumbukanso chimene chinali. Chifukwa chilichonse pachokha chinali chomveka. Ndi zimene ndikufuna uziope. Sudzanena kuti sindipita. Udzanena kuti mayeso ayandikira, udzanena kuti mvula, udzanena kuti ndikumva bwino. Matenda amenewa kumva bwino si umboni. Abambo ako m'mawa wa tsiku lawo lomaliza anadya mbatata n'kupempha ina.

Za mapiritsi aja ochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsempha, amene iwenso uli nawo. Abambo ako anati amawafooketsa mawondo ndipo akadzuka mofulumira dziko limazungulira. N'kutheka zinali zoona, iwenso wadandaulapo. Koma m'malo mokauza dokotala kuti awachepetsere kapena awasinthire, anawaika pamwamba pa chitseko, ndipo ndinakawapeza kumeneko tikusesa pambuyo pa maliro, akangaude atamangapo nyumba. Msana ukawapweteka ankagula mapiritsi a ululu pa golosale, aja amene dokotala anati amakanda m'mimba ndi kusungunula magazi. Ankameza awiriawiri ndi madzi a pa pampu. Iwe mutu ukakupweteka usamwe chilichonse chimene mnzako watulutsa m'thumba. Umwe okhawo amene anakulembera. Mapiritsi akakufooketsa, ukadandaule kuchipatala. Chitseko si dokotala.

Anadzasanzanso magazi masana, ku damu, mvula yoyamba itangogwa. A Saidi, amene amabweretsa nkhuni ku fakitale ndi lole yawo, anasiya kutsitsa nkhunizo pakati, anabwera kudzanditenga m'chipinda chosankhira tiyi ndili ndi epuloni, ndipo anati tisataye nthawi, tilunjike kumzinda. Ndinakhala kutsogolo, mutu wa abambo ako uli pamiyendo panga, ndowa ili pansi. M'njiramo ndi mmene anandiuza kuti chimbudzi chawo chakhala chakuda ngati phula kwa masiku angapo. Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati nkhani za kuchimbudzi mwamuna sauza mkazi wake. Kenako anati, "Mphira ija yatha, mayi."

Pa Bvumbwe a Saidi anayang'ana nkhope ya abambo ako, anachepetsa liwiro, anaimitsa lole m'mbali mwa msewu. Ukudziwa mmene zimakhalira galimoto ikaima pamenepo. Amayi a tomato anathamangira pazenera ndi mbale zawo, aliyense akuitana kasitomala. Woyamba anasuzumira m'kati, anatsitsa mbale yake pang'onopang'ono, n'kubweza anzake ndi dzanja. A Saidi anavula jekete n'kufunditsa abambo ako kumaso, anapemphera m'chipembedzo chawo, n'kutembenuza lole. Mpaka lero ndikadutsa pa Bvumbwe ndimayang'ana mbali ya kumapiri. Tomato ndimagula kwina.

Osambitsa maliro anati thupi linali losalala ngati la mwana. Ndiye anthu omwe aja amene anaseka kuti palibe bala anayamba kunong'ona kuti munthu sangafe wopanda bala, alipo wachita. Ena anatchula mnzawo wa ku pampu. Ndinalibe mphamvu zojambulanso chithunzi. Ndinangowasiya.

Tsopano iwe. Chaka chatha ndinakuona ukuchapa osavala malaya, kumanzere pansi pa nthiti kutatukuka. Unati wanenepa. Munthu sanenepa mbali imodzi. Anali kapamba, amene amatupa magazi akamabwerera m'mbuyo, monga anatupira wa abambo ako. Ndinakukoka ukukana, unandikwiyira njira yonse mpaka ku Limbe. Anakupatsa mankhwala opha likodzo, koma anati zimene linaononga kale m'chiwindi sizibwerera msanga, mwinanso sizibwerera n'komwe. Kenako anati aone kummero. Mwayi wako ndi wakuti anakupeza mitsempha isanaphulike.

Tsiku lomanga lija iwe unali m'tulo, ndiye sukudziwa izi. Ndinapempha nesi kuti ndilowe. Anakana, anati achibale amadikira pa benchi. Ndinamuuza kuti mwamuna wanga anafa chifukwa palibe anaona, choncho pakhomo panga pakufunika munthu mmodzi woti waona. Anakafunsa dokotala, anandiimika pakona, n'kundiuza kuti ndikakomoka andisiya pomwepo. Sindinakomoke. Ndinayang'ana pa kanema. Ndinaona m'kati mwako, mwana wanga, njira yofiirira yonyowa, ndipo m'mbali mwake mitsempha yotupa yopindikapindika ngati nyongolotsi zokhuta, ina ili ndi timadontho tofiira pamwamba. Dokotala anati timadonthoto ndi pamene pakufuna kung'ambika. Chubu chinayamwa mtsempha umodzi, kamphira kanadumphira, mtsempha uja unasanduka kampira kofiira moderako ngati mabulosi akupsa. Anamanga ingapo. Kenako anandionetsa ina chapansi n'kunena kuti, "Iyi yatsala, mayi. Ndi ya ulendo wina."

Ndiye usandiuze ine kuti anangokusuzumira. Amalume ako ungawauze, sanaone. Ine ndinaiona yotsalayo, ndipo uli nayo m'basi momwe ukuwerengeramu.

Ukafika ku Mzuzu, usanafunse kumene amadyera, utenge kalata imene dokotala anakulembera upite nayo ku chipatala chachikulu cha kumeneko, akakupatse tsiku. Ndaiika m'thumba la m'kati mwa jekete yako, pamodzi ndi buku lako la kuchipatala. Akakuuza kuti makina aonongeka ubwere sabata yamawa, sabata yamawa upite. Akakubwezanso upitenso. Mabenchi amenewo ndakhalapo, ndi olimba, koma sanaphepo munthu. Akakumanga udye phala ndi nthochi zakupsa mpaka atakulola, chifukwa mphira ikathothoka pamatsala kachilonda. Chimanga chokazinga, mtedza, tchipisi chouma ndi tiyi wowotcha zidikire. Ndikudziwa kuti mwana wa pa esiteti kumuletsa tiyi wowotcha ndi chipongwe, koma umwe wofunda.

Mowa sindikuletsa chifukwa cha tchalitchi. Chiwindi chako chili kale ndi katundu, ulibe malo oikapo wina. Anzako akakutengera kunyanja, iwe ukhale pamchenga uzilonda nsapato zawo. Ndipo amene uzigona naye chipinda chimodzi umuuze sabata yoyamba yomwe, kuti ukasanza magazi, kapena ukaona chimbudzi chakuda ngati phula, kapena ukachita chizungulire thukuta lili lozizira, akutengere kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche kapena kuti kalasi ithe. Akaseka aseke. Nkhani za kuchimbudzi zimanenedwa, Lameki. Abambo ako anasunga ulemu wawo mpaka pa Bvumbwe.

Ndatopa, mwana wanga. Sindikunena kuti undimvere chisoni, ndikungokuuza mmene zilili. Zaka zonsezi ndaima m'fakitale muja, fumbi la tiyi lili m'mphuno, makina akusefa masamba kutsogolo kwanga, ndipo miyendo yayamba kutupa madzulo. Ndatopa ndi fungo la chipatala. Ndatopa ndi kukhala munthu wokumbutsa, amene akalowa m'nyumba anthu amasiya kuseka. Ndinakumbutsa mwamuna mmodzi mpaka anafa akundivomera. Iwe ndakukoka kamodzi chifukwa unali pafupi, ndinkatha kukugwira dzanja. Ku Mzuzu dzanja langa silifika. Ndinaganizapo zokuletsa ulendowu, ndinagona nazo, koma sindinakulere kuti udzakhale pakhonde ukundiyang'ana ndikukuyang'ana. Pita ukaphunzire. Ntchito yokukoka ndakusiyira iwe mwini, ndipo sindikudziwa ngati ndaisiya m'manja abwino.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Tsiku limene adzakumange, ukatuluka, undiimbire foni. Usanditumizire meseji. Meseji ilibe mmero, ndipo kulemba kuti "ndapita, amayi" ungathe uli pa bwalo la mpira. Uimbe ndimve mawu. Chubu chija chikadutsa, mawu amasasa mpaka tsiku lotsatira, ndawamva kwa abambo ako, ndawamva kwa iwe, sindingawasokoneze ndi chimfine ndipo usayese kuwapanga. Anthu a kuno amafuna chipsera, ndipo ine ndine wa konkuno. Chipsera chako ndi chimenecho. Ukalankhula mosalala ndidzadziwa, sindidzakukalipira, ndidzangodula foni n'kukapempha a Saidi kuti lole yawo izikhala ndi mafuta.

Ndikukumva ukubwera, ukuimba mluzu panjira ya kumpopi. Malaya sanaumebe, ndiwasita chomwecho. Kalatayi ndiiika pansi pa mapiritsi, kuti ukadzaitchula ndidziwenso kuti unawatsegula.

Undiimbire ndi mawu a chule aja. Ndidzakhala ku ntchito, makina akulira, koma ndidzatuluka panja.

Ndine amayi ako, amene anaona,
Esinati